Chitsekerero cha Lusekelo pa Mlatho

Zikomo a tcheya, khalani pansi, musandiimirire ngati ndine mlendo. Ndiyankhula Chichewa lero chifukwa ndikuona m'holo muno, pa msonkhano wathu wa olimbana ndi mowa, muli anzathu a ku barakisi ku Chilumba ndi ena a ku Mangochi. Chichewa changa n'cha kusukulu, chikamapendekera ku Chitumbuka musaseke kwambiri. Sekani pang'ono basi.

Ambiri a inu pa Ngara pano mumandidziwa kuti Mwalimu Botolo. Musayang'ane pansi, a Mhango, dzinalo munayambitsa ndinu, ndipo tinkamwera kapu imodzi. Sindikukwiya ayi, linali dzina loona. Koma ndisanakhale Botolo ndinali ndi dzina lina limene ndinkalikonda kuposa la ubatizo. Kwathu kuno munthu ukabereka, dzina lako limagona, anthu amakuitana ndi dzina la mwana. Ine ndinali Awiske Lusekelo, ndiye kuti bambo ake a Lusekelo, ndipo mkazi wanga anali Anyina Lusekelo. Mwana tinali naye mmodzi yekhayo. Nkhani yanga ndi ya momwe ndinatayira mkazi ameneyu ali moyo, ndi momwe ndinapitira kukamupempha.

Ndinkaphunzitsa sitandade seveni pa sukulu ya kumtunda ija. Ndinali mphunzitsi wovuta, ena muno ndinakuvutani. Usipa ukafa wambiri, theka la kalasi linkathawira ku nyanja kukathandiza kuyanika, ine n'kutseka chitseko, n'kupalasa njinga mpaka ku gombe kukawatola mmodzimmodzi. Asodzi ankandida chifukwa cha zimenezo. Vuto lina linali lakuti ana athu, ukawafunsa funso m'Chichewa kapena m'Chingerezi, m'kalasi muli zii, aliyense akuyang'ana zala zake. Panja ndi anthu olongolola, koma m'kalasi ayi.

Mnzanga wina wa ku koleji ya aphunzitsi ndiye anandionetsa pa foni masewera ena amene anthu akunja amasewera atazungulira tebulo, wina akusimba nkhani, enawo ali anthu a m'nkhanimo. Ndinati zimenezi ndingazipange ndekha. Ndinatenga katoni yaikulu ya sopo, n'kuitambasula, n'kujambulapo dziko lomwe kulibe: mapiri, nkhalango, mzinda wa anthu a mitu iwiri, ndi Mtsinje Wakuda wokhala ndi mlatho wa nsungwi. Mwana aliyense ankatenga chitsekerero cha botolo la zakumwa, chimenecho ndiye munthu wake woyenda pa katonipo. Ine ndinkasimba. Ndimati, "Mwafika pa chipata, mlonda wagona koma galu wake ali maso, mutani?" Mwana ankanena chomwe munthu wake achite, n'kuponya dayisi ya ludo. Ikagwa nambala yaikulu, zatheka. Ikagwa yaing'ono, zakanika, ine ndinene tsoka lomwe lamugwera. Ana anawatcha masewerawo Ulendo. Abale, ana aja osayankhula aja anayamba kukangana m'Chichewa mpaka malovu kuthovoka.

Malamulo anali awiri okha. Loyamba, munthu wako asanalowe pa katoni uyankhe mafunso atatu: ndiwe ndani, wanyamula chiyani, ndipo kwanu unachokako chifukwa chiyani. Lachiwiri, chitsekerero cha mnzako suchigwira, pokhapokha ngati ukudziwa mayankho ake onse atatu. Lamulo limeneli ndinaliika chifukwa anyamata ankasunthirana zitsekerero n'kumamenyana.

Makolo ena sanakondwe. Ena ankati dayisi ndi juga, ena ankati nkhani za anthu a mitu iwiri n'zaufiti. Ahedi anandiuza mwaulemu kuti ndizichotse pa sukulu. Amene anatilandira ndi che Saidi, Myao wa ku Mangochi wa golosale ija ili pa msewu. Anati, "Mwalimu, bwerani pa khonde langa Loweruka masana. Bawo landitopetsa, anthu ake ndi omwewo, mabodza ake ndi omwewo." Iwo sankasewera, ankangomvetsera uku akupima shuga.

Lusekelo anali wamng'ono kwa onsewo, anali mu sitandade faifi, koma anakakamira kuti alowe. Anzake anasankha zoopsa: wina mlenje wa mikondo yamoto, wina mfumukazi yokwera ng'ona, wina msodzi wolamula mwera. Nditafika pa iye ndinati, "Iwe ndiwe ndani?"

"Ndine mphunzitsi wa kumudzi," anatero.

Khonde lonse linagwa ndi phwete. Mnyamata wina anati, "Chilombo ukachimenya ndi chiyani, rula?"

Iye sanaseke. Anatulutsa chitsekerero chake, m'kati mwake anali atamatamo kachidutswa ka choko ndi phula. Anati, "Ndanyamula choko. Ndikajambula chitseko pa mwala, chimatseguka." Oseka aja anayang'anana, chifukwa anali atatha Loweruka lathunthu akukanika kulowa m'phanga.

"Nanga kwanu unachokako chifukwa chiyani?"

"Ndikuganizabe, adada. Ndidzakuuzani."

Mwana wina ndikanamubweza. Koma anali wanga, ndinamulola, anzake n'kumadandaula kuti mwana wa aphunzitsi akukonderedwa. Ankanena zoona. Mtima wanga unali utakoma kale, poti mwa zinthu zonse zomwe akanasankha, mwana wanga anasankha kukhala ine.

Loweruka lomaliza gulu lonse linafika pa Mtsinje Wakuda. Lusekelo anati ayambe ndi iye kuwoloka. Anaika chitsekerero chake pakati pa mlatho, n'kuponya dayisi. Inagwa wanu. Ine, pofuna kukometsa nkhani, ndinaimirira n'kukweza mawu. Ndinati, "Nsungwi yathyoka! Mphunzitsi walendewera pa mlatho, mphepo yozizira yamulowa m'mafupa, akunjenjemera. Zotsala tidzamva Loweruka likudzali." Ana anakuwa. Iye anandikoka malaya akuseka, amvekere, "Adada, mwandisiya polendewera!"

Sabata yomweyo mwana anayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera. Tinathamanga naye kuchipatala, madokotala anati ndi malungo okwera kumutu. Anayesetsa ndithu, sindinganene kanthu pa iwo. Loweruka lomwe ndinawalonjeza anawo ndi limene tinamuika m'manda.

Ana amene anali pa khonde paja anakafotokoza kwawo zomwe ndinanena, mosalakwa, monga ana. Ndiye mukudziwa kwathu kuno. Teremu yomweyo anali atangondikweza kukhala wachiwiri kwa ahedi. Anthu anangophatikiza ziwirizo, n'kuyamba kunong'onezana kuti mphunzitsi wakhwimira mwana wake, anamuika mu masewera n'kumupereka pamaso pa anthu. Azimayi ankabweza ana awo ndikamadutsa. Koma choipa kwambiri sichinali chimenecho. Choipa chinali chakuti ine, amene ndinkajambula udzudzu pa bolodi chaka ndi chaka, ndinayamba kudzifunsa kuti mwina n'zoona, mwina pakamwa panga ndi pamene panamupha.

Ndinayamba ndi kapu imodzi ya kachasu kuti tulo tibwere. Kenaka timabotolo tija tamowa tolowa pa malire a Songwe, tokwana m'thumba la jekete. Posakhalitsa ndinkamwa ndisanapite ku asembule. Dzina la mwana linandikanika m'kamwa. Ndiye poti mkazi wanga dzina lake linali la mwanayo, ndinasiya kumuitana Anyina Lusekelo. Ndinayamba kumuti NyaMsiska, dzina la kwawo, ngati ndangokumana naye pa chigayo. Ndikaledzera ndinkangoti iwe. Kumanda sindinapondeko chiikireni maliro. Iye akayamba kukumbutsa za mwana, ine ndinkanyamula jekete n'kutuluka, n'kumusiya akuyankhula ndi khoma.

M'mawa wina ndinadzuka ndi matsire n'kumupeza atamanga kale katundu wake mu chitenje. Sanakalipe. Anati, "Mowa wanu ndikanaupirira. Manong'onong'o a anthu ndikanawapirira, chifukwa ine ndinali pambali pa bedi, ndikudziwa chomwe chinatenga mwana wanga. Koma mwandivula dzina. Mwana anapita, chimene ndinatsala nacho ndi dzina lake lomwe ndimaitanidwa nalo, ndiye inu mwandilanda ndi limenelo lomwe. Ndikupita kwa adada ku Chilumba. Tsiku lomwe mudzathe kundiitana dzina langa m'kamwa mulibe fungo, mukandipeza komweko."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Pita, iwe." N'kutembenukira kukhoma.

Zotsatira sindichedwapo, ambiri munaziona ndi maso. Ndinagona pa desiki ana akundiyang'ana, mpaka akuluakulu anandiimitsa ntchito. Nyumba ya aphunzitsi ndinatulukamo. Njinga ija yotolera ana ndinaimwa, bedi ndinaimwa, nsapato za ukwati ndinazimwa. Ndinkasenza mabeseni a usipa ku gombe kuti andigulire kapu, ndipo ondilemba ganyuwo anali ana omwe ndinkawathamangitsa kuti abwerere m'kalasi. Tsiku lina ndinadzikodzera pa depoti dzuwa likuswa mtengo, anyamata a kabaza akujambula ndi mafoni. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi maliro a mwana wa mnansi wanga. Ndinapitako osati kukalira ayi, ndinatsata mbale ya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija, ndipo ndinaseka mokweza bokosi likutuluka m'nyumba. Anandinyamula ngati thumba la makala n'kukanditaya kumsewu. Mvula inagwa n'kukata kangapo ndili moyo umenewo.

Golosale ya che Saidi ndinkailambalala. Ndinkalolera kudutsa m'minda ya chinangwa kuti ndisaone khonde lija. Koma m'mawa wina ndili ndi matsire, mutu ukuwawa, ndinaiwala, ndinangozindikira ndili pa msewu pomwepo.

"Mwalimu!"

Ndinachita ngati sindinamve.

"Mwalimu, ndikukuonani, musandinamize ugonthi. Bwerani mundigwirire shelefu, chiswe chandidyera."

Panali patapita nthawi munthu asanandiitane Mwalimu popanda kuwonjezera Botolo. Ndinalowa. Anandikhazika pa thumba la mchere, n'kundipatsa tiyi ndi mandasi. Kapu ndinaigwira ndi manja awiri, theka n'kutayikira pa buluku, iwo n'kumayang'ana kumbali dala. Nditamaliza anakwera pa mpando, n'kutsitsa chinthu pamwamba penipeni pa shelefu, pang'onopang'ono, atachigwira chathyathyathya ngati thireyi ya mazira. Chinali chovundikiridwa ndi lichero lalikulu. Anachiika pa kauntala n'kuvundukula.

Inali katoni ija. Fumbi linali litakuta mapiri onse, mphemvu zitadya ngodya imodzi ya nkhalango. Zitsekerero zonse zinali m'mbali mwa mtsinje pomwe ana anazisiya. Ndipo pakati pa mlatho panali chimodzi, kachoko kake kali chiimire.

Ndinati, "Che Saidi, chotsani ichi. Tenthani."

"Ine? Ndingachigwire bwanji? Lamulo munaika ndinu. Tsiku lija ana anandiuza kuti ndisunge momwemo, ndiye ndinanyamula katoni yonse, chitsekerero sindinakhudze ngakhale chimodzi. Mayi a kunyumba akhala akundinena kuti ndikusunga zinyalala. Tsopano shelefu ikugwa, mwini wake ndinu, muone chochita."

Ndinayamba kulira, kulira kwa chidakwa kwa mamina kuja. Ndinati, "Ndinamupha ndine. Munamva nokha zomwe ndinanena."

Che Saidi anakwiya, ndipo ndinali ndisanawaonepo atakwiya. Anamenya kauntala mpaka sikelo inalira. Anati, "Wallahi, Mwalimu, mukundinyansa. Ine mwana wanga woyamba, Asiyatu, anapita ndi malungo omwewo ku Mangochi, kunjenjemera komweko. Ine dayisi sindinaiponyepo chibadwire. Ndiye wanga anamupha ndani? Kapena inu nokha ndiye muli ndi pakamwa pamphamvu kuposa Mulungu? Kapulasitiki aka, ka mu ludo, kaphe munthu?"

Anthu a kutchalitchi anali atandiuzapo zofananazo, koma palibe amene anandiuza atakwiya, komanso palibe amene anali ataika wake m'manda ndi matenda omwewo.

Kenaka anatsitsa mawu. Anati, "Ine ndinkamvetsera masewera anu onse. Mayankho awiri a mwanayu ndikuwadziwa, monga inu. Lachitatu linkandisowetsa mtendere. Tsiku lina anabwera kudzagula mchere, ndinamufunsa kuti, iwe mphunzitsi wa choko, kwanu unachokako chifukwa chiyani? Anaseka, anati, ndauza amama okha, adada ndidzawauza tikawoloka mlatho."

Nthawi yonseyo ndinkaganiza kuti mwana wanga anapita ndi mawu ake onse, palibe chatsopano chomwe ndidzamvenso kuchokera kwa iye. Koma panali mawu ena amene anandisungira, ndipo anali ndi munthu yemwe ndinamuuza kuti pita, iwe.

Ndinaimirira kuti ndikakwere galimoto ya ku Chilumba nthawi yomweyo. Che Saidi anandigwira lamba. Anati, "Ndi fungo limeneli? Apongozi anu akakulandirani ndi agalu. Mayi aja anakuuzani chochita, Ngara yonse ikudziwa. Yambani mwasamba."

Tsopano mvetserani, inu amene manja akunjenjemera pansi pa benchi, chifukwa apa ndi pamene pali ntchito. Kulira kwa pa golosale kuja sikunandichiritse. Madzulo a tsiku lomwelo ndinamwa. Mawa lake ndinamwanso. Chimene chinasintha n'chakuti mowa unasiya kugwira ntchito yake, ndikamwa ndinkangoona kachoko kaja kali chiimire pa mlatho.

Ndinapita kuchipatala n'kukanena zoona, kuti ndikasiya thupi limagwedezeka ndipo ndimaona zinthu pa khoma. Musamasiye nokha m'nyumba ngati mwafika pamenepo, n'zoopsa, pitani akakuthandizeni. Ine anandigoneka, ndinasanza, ndinatukwana anamwino, pambuyo pake ndinakawapepesa. Nditatuluka ndinazindikira kuti ludzu langa lili ndi nthawi yake, limabwera dzuwa likapendeka, nthawi yomwe kale ndinkaweruka. Ndiye nthawi imeneyo ndinkapita kwa che Saidi kukamanga shuga ndi mchere m'timapepala mpaka atatseka. Pa golosale ya Msilamu palibe chokuyesa, pali tiyi basi, ndipo tiyi ndinamwa mpaka ndinadana naye. Njira yodutsa kwa mayi wotcheza kachasu ndinaisiya, ndinkazungulira kutali ngati mmene ndinkazungulirira golosale kale. A Mhango akandiitana ndinkangokweza dzanja osaima. Pepani a Mhango, sikunali kunyada.

Ndinagwanso kamodzi, pa ukwati wa mphwanga, wina atandipatsa botolo kuti limodzi silipha. Ndinadzuka m'ngalande. Ndinkafuna kubisala, koma ndinapita kwa che Saidi n'kukawauza. Anangoti, "Timapepala tikukudikirani uko." Mukagwa, kaneneni kwa munthu tsiku lomwelo, musadikire kuti manyazi akule.

Chovuta kuposa zonse chinali dzina. Ndinapita kumanda ndi khasu masana, ndekha. Manda anali osesedwa bwino, ndiye ndinadziwa kuti mayi ake amabwera kuchokera ku Chilumba ine ndili ku mowa. Ndinakhala pansi n'kuyesa. Tsiku loyamba linakanika. Ndinabwererako mpaka linatuluka, poyamba monong'ona, kenaka bwinobwino ngati ndikumuitana kuti adzadye.

Mpunga utakololedwa ndinapempha asibweni anga, alongo awo a mayi anga, kuti andiperekeze. Katoni ndinainyamula ndi lichero lake, n'kuiika pa miyendo mu minibasi, osalola kondakitala kuigwira. Mayi wina anafunsa ngati ndi keke ya ukwati. Asibweni anati, "Eya, ndi ya ukwati ndithu."

Apongozi anga anatilandira pansi pa mtengo wa mango. Ndinkayembekeza mawu owawa, koma mkulu uja anangoloza khola. Anati, "Ng'ombe zanu za malowolo zija ndi izo, zaswana. Abale anandiuza kuti ndizibweze ukwati uthe, mwana wanga anakana. Ali kuseri uko, akuyanika chinangwa. Ine ndilibe mawu, mawu ali ndi iye."

Ndinazungulira nyumba katoni ili m'manja. Anali atandifulatira, akuyala chinangwa chonyowa pa thandala. Anali ataonda, ndipo m'mutu munali imvi zomwe sindinkazidziwa. Anamva mapazi koma sanatembenuke. Ndinaika katoni pa mtondo wovundikira. Ndikuuzeni zoona, nthawi imeneyo ndinalakalaka kapu imodzi kuposa tsiku lina lililonse.

Ndinati, "Anyina Lusekelo."

Manja ake anaima. Chinangwa chimodzi chinagwa pansi, nkhuku n'kuchithamangira. Osatembenuka anati, "Ndamva. Itananinso."

"Anyina Lusekelo."

Anatembenuka, n'kubwera pafupi kwambiri, pafupi moti ndinadziwa kuti akununkhiza. Sindinakwiye, unali ufulu wake. Kenaka anaona katoni. Nditavundukula lichero anagwira pakamwa n'kukhala pansi pa dothi pomwepo. Anakhala nthawi akungoyang'ana kachoko kaja.

Ndinagwada pambali pake. Ndinati, "Ndinakulakwirani, ndipo sindinabwere kudzadziikira kumbuyo. Koma che Saidi akuti mwana anakuuzani yankho lachitatu. Ngati simukufuna kubwerera, ndimva. Koma chonde ndiuzeni chomwe ananena."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anati, "Ndinayesa kukuuzani kangati, inu n'kumanyamula jekete? Anandiuza tikutsuka mbale. Anati mphunzitsi wakeyo m'mawa wina anaitana mayina m'kalasi, mwana mmodzi sanayankhe. Ndiye anatseka chitseko n'kupita kukamufuna, ngati momwe amachitira adada akamapita ku gombe pa njinga. Anati n'chifukwa chake akuyenda m'mapiri monsemo, ndipo sabwerera kwawo mpaka atamupeza."

Ndinalira, abale. Sikunali kulira kwa mowa kuja ayi, uku kunali kwina, kochokera m'mimba. Mwana wanga ankandiona ngati munthu wosasiya mwana kusowa. Ndipo pamene iye anasowa, ine sindinapite ngakhale pa manda ake.

Ndinati, "Koma ameneyu sindingamupeze."

Anati, "Simungamupeze. Inenso ndafunafuna, kulibe." Analira nane pamenepo, ndipo aka kanali koyamba kuti tilire limodzi chimwalirireni mwana wathu.

Atatonthola anandifunsa kuti, "Lamulo lanu lija limati chiyani? Wodziwa mayankho atatu?"

"Wodziwa onse atatu angathe kugwira."

"Ndiye ine ndakhala ndikuwadziwa nthawi yonseyi." Anatambasula dzanja, zala zili zoyera ndi chinangwa. Ine, uphunzitsi sutha, ndinapisa m'thumba n'kutulutsa dayisi. Anandiyang'ana. Anati, "Ndine mayi ake. Dayisi ya chiyani?" Ananyamula chitsekerero chija pa mlatho, n'kuchiika tsidya lina la mtsinje, pouma. Anati, "Mwana wanga walendewera mokwanira."

Sanabwerere tsiku lomwelo, musaganize kuti zinali zophweka. Anati aone kaye ngati ndi zenizeni, ndipo ndinkapita Lamlungu lililonse kukanunkhizidwa, mpaka mvula itayamba m'pamene anati ndibwere ndi njinga yobwereka ndidzanyamule katundu. Ntchito ya boma sinabwerere, ndipo mwina sidzabwerera. Ndimaphunzitsa ana a asodzi masana pansi pa mtengo, makolo amandipatsa chomwe ali nacho, nthawi zina ndi usipa. Alipo anthu pa Ngara pano amene mpaka lero amakhulupirira kuti ndinakhwima. Ludzu nalonso silinathe, dzuwa likapendeka limabwera kudzandiona ngati ndili bwanji. Ndipo m'nyumba mwathu mulibe mwana. Zimenezo kusiya mowa sikunakonze, ndipo ndikanama ndikakuuzani kuti mtima unapola.

Chimene ndingakuuzeni ndi ichi. Aliyense wa inu ali ndi chinthu chimene amachilambalala, chimene amamwera kuti asachitchule. Ine ndinkaganiza kuti ndikulira mwana wanga, pamene ndinali kumuthawa, n'kusiya mayi ake akumulira yekha. Pali munthu kwanu amene akudikira mawu amodzi kwa inu, m'kamwa mulibe fungo. Sadzadikira mpaka kale. Wanga anadikira, koma ndinamupeza ndi imvi.

Ulendo tinauyambiranso pa khonde la che Saidi, ndi ana ena, pa katoni yomweyo. Chitsekerero cha choko chimakhala tsidya lija, ndipo ana onse amachidutsa osachikhudza. Pakabwera mwana watsopano amafunsa kuti ichi n'cha ndani, ine ndimayankha kuti n'cha Lusekelo, mphunzitsi wa kumudzi, n'kumufotokozera mayankho awiri. Lachitatu sindiwauza, kuti wina asachisunthe, ndiye inunso mwalimvali musakawauze.

A tcheya, ndadya nthawi ya ena, pepani. Amene ndakhala ndikumunenayu ali kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, anakana kukhala kutsogolo. Musatembenuke nonse, achita manyazi.

Anyina Lusekelo, ndamaliza. Tiyeni tidzere kumanda tisanapite kunyumba.